Ndani Amaona Dzenje Lisanakumbidwe ku Thyolo?

Munthu akafuna kumanga nyumba ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe mumzinda wa Blantyre amadziwa khomo logogoda. Amajambulitsa pulani, amapita nayo ku khonsolo ya mzinda, amalipira, n'kudikira chidindo. Pa pulaniyo pamaoneka pomwe padzakhale thanki ya chimbudzi ndi dzenje lomwetsera madzi ake. Koma mukatuluka mu Limbe n'kutsata msewu wa ku Thyolo, kudutsa Bvumbwe mpaka kufika kumene minda ya tiyi yayala mbali zonse za msewu, dongosolo limeneli limathera m'njira. Munthu wa kwa Nchilamwela, kwa Kapichi kapena kwa Changata akafuna kumanga, amagogoda khomo la yani? Ndani amabwera kudzaona malowo khasu lisanagwe pansi?

Tonse tikudziwa momwe zimayendera. Ngati malowo ndi achilendo, munthu amapita kwa anyakwawa, iwo n'kuloza malire: kuchokera pa mango awo kukafika pa mzere wa nthochi uwo. Ngati ndi pamalo a makolo, ngakhale kwa amfumuko sapitako. Amaumba njerwa, amaitana mmisiri, mmisiri amakoka chingwe, nyumba n'kudzuka. Chimbudzi chimabwera kumapeto, ndalama zitatha, ndipo chimakumbidwa paliponse pomwe patsala mpata. Amfumu ntchito yawo ndi kuweruza za malire. Za madzi oyenda kunsi kwa nthaka palibe adawaphunzitsa, ndipo sitingawaimbe mlandu pa zimenezo.

Komatu malamulo alipo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la Physical Planning Act, lomwe lidalowa m'malo mwa lamulo la mu 1988 loona za kamangidwe ka mizinda. Lakalelo linkagwira ntchito m'madera okhawo amene boma lalengeza, makamaka m'mizinda ndi m'matauni. Latsopanoli lidati dziko lonse la Malawi ndi malo ofunika dongosolo, kumudzi komwe. Chaka chomwecho kudabwera lamulo la malo a makolo, lomwe lidakhazikitsa makomiti oyang'anira malo pansi pa magulupu. Lamulo la zaumoyo wa anthu, ngakhale ndi la mu 1948 m'nthawi ya atsamunda, limapatsa makhonsolo mphamvu pa nyumba zosayenera kukhalamo ndi pa zonyansa zoika moyo pachiswe. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la mu 1998 limalola khonsolo kupanga malamulo akeake a m'boma mwake.

Tsono tifunse khonsolo ya Thyolo. Kodi malamulo amenewa adafotokozedwapo pabwalo la mfumu iliyonse, m'Chichewa kapena m'Chilomwe? Kodi mayi wa ku Thekerani kapena ku Masambanjati akudziwa ngati nyumba yake ya zidina ikufunika chilolezo kapena ayi? Ngati ikufunika, ofesi yake ndi iti, mtengo wake ndi wotani, ndipo adikire masiku angati? Ngati siikufunika, malire ali pati pakati pa nyumba yosafuna chilolezo ndi yofuna chilolezo: pa denga la malata, pa kuchuluka kwa zipinda, kapena pa kuika alendi? Lamulo lomwe eni ake sadalimvepo limangopatsa mphamvu munthu wovala yunifomu tsiku lomwe wafuna kuopseza, ndipo silitchinjiriza mwana aliyense ku matenda otsekula m'mimba.

Nkhani ya dzenjeyi si yaing'ono, ndipo tiyenera kuiyang'ana pafupi. Thyolo ndi dziko la zitunda ndi zigwa. Nyumba zimakhala pamtunda, madzi amatumphuka kunsi. Taonani khomo limodzi mwa makomo ambiri otere. Nyumba yatsamira pachitunda, kuseri kwake kuli khitchini ndi bafa la udzu, ndipo chakumunsi pang'ono, pomwe nthaka yofiira imakumbika msanga, pali chimbudzi. Pamwamba pa dzenje ayalapo mitengo ya bulugamu, aphimba ndi dothi, atsira bwinobwino mpaka kusalala. Mukatsika mapazi owerengeka mupeza kasupe pomwe amayi a makomo angapo amatunga madzi akumwa m'mawa uliwonse. M'chilimwe zonse zimaoneka zabwino. Mvula ikalimbika mu Januwale ndi Febuluwale, madzi a pansi amakwera, dzenje limasanduka chithaphwi, ndipo zomwe zili m'menemo zimatsika ndi chitunda kupita kumene madzi onse amapita. Chiswe chimakhala chitadya kale mitengo ija mkati. Tsiku lina dothi lonyowa limalemera, chimbudzi n'kutitimira. Banjalo limayamba kupempha kwa oyandikana nawo, ndipo manyazi akakula limalowa m'nthochi kapena m'munda wa tiyi, kufikira mvula itakata.

Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kuti chimbudzi chikhale mamita 30 kapena kuposerapo kuchokera pa chitsime, mjigo kapena kasupe, chikhale kumunsi kwake, ndipo pansi pa dzenje pasayandikire madzi a m'nthaka, patalikirane ndi mita imodzi ndi theka kapena kuposa. Malangizo ake ndi omveka. Koma kodi mamita 30 amenewa munthu wa ku Thyolo awapeza kuti?

Apa ndi pamene nkhani ya chimbudzi imakumana ndi nkhani ya malo, ndipo amene akufuna kulankhula za chilolezo popanda kutchula malo akuzemba. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 720,000 m'boma la Thyolo, kutanthauza anthu oposa 400 pa kilomita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Chiwerengero chimenechi chimagawa anthu pa malo onse a bomalo, kuphatikizapo minda ya tiyi, ya makadamiya ndi nkhalango za bulugamu za m'maesiteti, momwe munthu wa m'mudzi sangakhomemo chikhomo. Mukachotsa malo amenewo, kuthithikana kwenikweni kwa m'midzi kumaposa pamenepa. Mayi amagawira ana ake aakazi kamunda komwe naye adalandira kwa amake, akamwini n'kumanga pomwepo. M'badwo uliwonse kamalo kamachepa. Chimbudzi chikadzaza amakumba china pambali pake. Chachitatu chidzakumbidwa pati? Kumtunda kwa yani?

Kuthithikanaku kuli ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston adapereka zikalata zotsimikizira umwini wa malo aakulu kwa azungu m'mapiri a Shire. Anthu omwe adapezeka pamalowo, pamodzi ndi Alomwe omwe ankalowa kuchokera ku Mozambique, adakhala pansi pa thangata, kulipira pogona ndi thukuta lawo. Mu 1946 boma la atsamunda lidatuma Sidney Abrahams kufufuza za malo, ndipo mu 1953 Thyolo idawira ndi zipolowe zomwe mkwiyo wa malo udali pakati pake. Pakati pa 2004 ndi 2011, ntchito ya Kudzigulira Malo idathandiza mabanja pafupifupi 15,000 kupeza malo atsopano, ena mwa iwo atasamuka ku Thyolo ndi Mulanje kupita ku Machinga ndi Mangochi. Otsala ndi ochuluka koposa, ndipo ndi amenewa tikuwauza lero kuti atalikitse chimbudzi.

Tikafika pa mpanda wa esiteti mafunso amakula. Satemwa, Naming'omba, Makandi, Conforzi, Nchima, ndi minda ya Eastern Produce ndi maina omwe mwana aliyense wa ku Thyolo amakula akuwamva. Maesiteti amalemba ntchito anthu masauzande ambiri, ena ali ndi zipatala zazing'ono, sukulu ndi mijigo zomwe zimathandiza ngakhale midzi yozungulira, ndipo zimenezi n'zoyenera kuvomereza. Komanso maesiteti ndi eni nyumba akuluakulu m'bomali. M'malayini mwawo mumagona mabanja ambirimbiri. Ndani amavomereza nyumba zimenezi zisanamangidwe kapena kuwonjezeredwa? Mabanja angati amagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, ndipo ndani adaika mlingo wake? Dzenje likadzaza limatapidwa, kapena limakwiriridwa n'kukumba lina? Madzi ochokera m'malayini ndi m'fakitale amatsikira mumtsinje uti, ndipo kumunsi kwa mtsinjewo kumamwa mudzi wa yani?

Lamulo la mu 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito limafuna kuti pamalo a ntchito pakhale zimbudzi zokwanira ndi madzi abwino akumwa. Kwa mayi wothyola tiyi, malo a ntchito ndi munda wotambalala kuchokera pachitunda ichi kukafika chinacho, dengu lili kumsana, malipiro akudalira makilogalamu omwe akaike pasikelo. Chimbudzi chikakhala kutali, ulendo wopitako ndi ndalama yotayika. Kodi oyendera malo a ntchito a boma amafika m'minda momwemo, kapena amathera pa ofesi ya manijala? Tikudziwa kuti mabungwe opereka zizindikiro kwa ogula a kunja, monga Rainforest Alliance ndi Fairtrade, amatuma anthu awo kudzayendera minda yomwe ili ndi zizindikiro zawo, ndipo nyumba ndi ukhondo wa antchito ndi zina mwa zomwe amaona. Zimenezi n'zothandiza. Koma n'chifukwa chiyani woyendera wotumidwa m'malo mwa wogula wa ku London azidziwa za chimbudzi cha m'malayini kuposa khonsolo yomwe ili pa Thyolo pomwepo? Zomwe amapezazo khansala wa deralo amaziona? Nanga esiteti ikasiya chizindikirocho, atsala akuyang'anira ndani?

Mu 2016 bungwe la eni minda la Tea Association of Malawi lidasainirana koyamba mgwirizano wa malipiro ndi bungwe la antchito a m'minda la PAWU. Lidali tsiku lalikulu kwa othyola tiyi. Tikupempha kuti pa zokambirana zoterezi nkhani ya denga losadontha ndi chimbudzi chosatitimira izikhala ndi mpando wofanana ndi wa malipiro, chifukwa ndalama yomwe yawonjezeredwa pa tsiku imathera kuchipatala mwana akamwa madzi oipa.

Ndipo pali gulu lomwe esiteti sililiwerenga, khonsolo nayo sililiona. Tiyi amachuluka nthawi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo ndi nthawi yomwe antchito a nyengo amalembedwa ambiri. Amene sapeza malo m'malayini amachita lendi m'midzi ya m'mphepete mwa esiteti ndi m'misika ing'onoing'ono. Mwini malo amamanga mdadada wa zipinda, khomo lililonse banja lake, kuseri n'kukumba dzenje limodzi. Anthu amachuluka m'miyezi yomweyo yomwe madzi a pansi akwera. Ameneyu akumanga kuti apeze phindu, ndipo ndi bizinesi ngati golosale. Wa golosale khonsolo imamupeza chaka chilichonse kudzatolera ya laisensi. Bwanji imalephera kupeza mwini mdadada kudzamufunsa kuti alendi ake amapita kuti?

Kulinso omanga atsopano omwe ndalama ali nazo. Opuma pantchito akubwerera kumudzi, anyamata ochokera ku Joni akumanga nyumba za matailosi, malo ogona alendo akuwonjezeka m'mbali mwa msewu, ndipo chitsegulireni sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Ndata mu 2014, dera la Goliati lakopa omanga nyumba za lendi. Ambiri mwa amenewa akufuna chimbudzi chogejemula, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Vuto ndi lomwe lili pansi pa silabu. Thanki yeniyeni ya chimbudzi imakhala ya zipinda ziwiri, yomangidwa ndi kupakidwa simenti mkati kuti isadonthe. Zolemera zimakhazikika m'chipinda choyamba momwe tizilombo timaziphwanya pang'onopang'ono, madzi n'kusefukira m'chachiwiri, kenako m'dzenje la miyala lomwe limawamwetsa m'nthaka. Madzi otulukawo amakhala adakali ndi majeremusi, ndipo dothi ndi lomwe limamaliza kusefa, n'chifukwa chake mtunda wofika pa chitsime ndi wofunika. Matope otsala pansi amayenera kupopedwa pakapita zaka zingapo. Tsono mmisiri wosaphunzitsidwa, pofuna kupulumutsa simenti ya bwana, amangokumba dzenje lalikulu, n'kuyala njerwa zosapaka, n'kuvundikira. Mwini nyumba amakhulupirira kuti ali ndi thanki, pamene ali ndi dzenje lothiridwa madzi ambiri tsiku lililonse, loopsa kuposa chimbudzi chokumba cha mnansi wake wosauka. Kenako amaitana oboola mjigo pabwalo lomwelo. Lamulo la madzi la mu 2013 lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority kuti liziyang'anira katungidwe ka madzi ndi katayidwe ka zonyansa m'madzi. Kodi bungweli ndi khonsolo amauzana pamene mjigo ukuboledwa pafupi ndi thanki? Ndipo galimoto yopopa zonyansa ikadzaza ku Thyolo, imakakhuthula kuti?

Mtengo wa kusafunsa mafunso amenewa tidaulipira kale. Kolera yemwe adabuka mu Malichi 2022 ku Machinga, pambuyo pa namondwe Ana, adafalikira m'maboma onse, adagwira anthu pafupifupi 59,000 n'kupha oposa 1,700. M'mbiri ya dziko lino simudagwe kolera woposa ameneyu. Mliriwo usanathe, mu Malichi 2023 namondwe Freddy adagwetsa mapiri pa anthu ku Chilobwe, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo Thyolo idali pakati pa maboma okhudzidwa. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, oposa 600,000 adasowa pogona. Mvula ya Freddy palibe khonsolo ikadaiimitsa. Koma nyumba yomangidwa m'njira ya madzi, khoma la zidina lopanda maziko okwera, chimbudzi chokumbidwa m'dambo, izi ndi zinthu zomwe diso la munthu wodziwa likadaziona zisanamangidwe. Pambuyo pa zivomezi za ku Karonga za mu Disembala 2009, boma lidatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, olembedwera amisiri a kumudzi omwe. Ndi amisiri angati a ku Khonjeni kapena ku Makwasa adawaonapo?

Kuyambira mu 2008, pamene dziko lino lidakhazikitsa ndondomeko ya zaukhondo, mafumu ndi alangizi a zaumoyo agwira ntchito yaikulu yothetsa mchitidwe wochita chimbudzi patchire. Midzi yambiri idakumba, mipondagiya idaimikidwa pakhomo, mafumu ena adaika chindapusa kwa wopanda chimbudzi. Ntchitoyo ndi yotamandika. Chomwe chidaperewera n'chakuti tinkawerenga zimbudzi zomwe zakumbidwa, osafunsa kuti zakumbidwa pati komanso zidzapirira dzinja zingati.

Tikudziwa mantha omwe mawu oti chilolezo amadzetsa kumudzi, ndipo mantha amenewa ndi oona. Munthu amaganiza za fomu ya m'Chingerezi, za ulendo wa pa kabaza ndi minibasi wopita ku boma womwe ukudya ndalama ya simenti, za kuuzidwa kuti abwana atuluka mubwere mawa, za kalaliki wofuna kangachepe. Chilolezo chamtundu umenewo nafenso tikuchikana. Chikafika m'midzi ya ku Thyolo chidzangokhala msonkho wina pa anthu omwe agogo awo adalipira kale thangata, ndipo anthu adzamanga usiku. Chomwe tikufuna n'chakuti munthu wodziwa afike pamalo asanakumbe. Kwa banja lomanga nyumba yakeyake pamalo a makolo, munthu ameneyu alipo kale: ndi mlangizi wa zaumoyo yemwe amayeza ana sikelo m'mudzi momwemo, pamodzi ndi wa komiti ya malo ya kwa agulupu. Ayende nawo pamalopo, aone komwe kuli kasupe ndi komwe madzi a mvula amadutsa, aloze pokumba, alembe pa pepala limodzi la m'Chichewa, osalipiritsa ngakhale tambala. Pomwe mamita 30 sakupezeka, anene zoona, ndipo athandize kupeza njira ina: dzenje lomangidwa ndi njerwa kuchokera pansi, silabu ya simenti yosunthika yomwe banja lingaisamutse dzenje likadzaza, chimbudzi chokwezedwa pamwamba pa nthaka pomwe madzi ali pafupi, kapena kumanga kasupeyo ndi simenti n'kumutchingira ngalande kumtunda. Kodi khonsolo singaphunzitse amisiri awiri kapena atatu kwa gulupu aliyense ntchito imeneyi? Kodi ndalama zachitukuko za m'madera a aphungu sizingagule zikombole za silabu?

Kukhwimitsa kuyambire kwa amene akumanga zogonamo anthu ambiri: maesiteti, eni midadada ya lendi, malo ogona alendo, sukulu, matchalitchi, misika ya khonsolo yomwe. Amenewa apereke pulani, alipire, ndipo woyendera aone thanki isanavundikiridwe, chifukwa silabu ikatsekedwa palibenso angadziwe zomwe zili mkati. Maesiteti nawo, poti ndi iwo ali ndi malo ndi akasupe ambiri a kumtunda, angathe kuchita zomwe mudzi sungathe paokha. Kodi n'chinthu chachikulu kupempha kampani yomwe ili ndi mahekitala mazanamazana kuti ipatule kachigawo m'malire mwake komangapo zimbudzi za mudzi wothinana, kapena kuti ikokere paipi ya madzi abwino kunja kwa mpanda? Ana omwe amadwala kunja kwa mpandawo ndi ana a antchito ake omwe.

Kwa bwanamkubwa wa boma la Thyolo, makhansala, khonsolo ya Luchenza ndi mafumu aakulu, pempho lathu ndi lakuti mvula ikubwerayi isanagwe muime pamaso pa anthu, pa wailesi ndi pa mabwalo a mafumu, munene momveka kuti ndani akufunika chilolezo, akachipeza kuti, pa mtengo wanji, ndipo ndani ali ndi udindo woyendera nyumba ndi zimbudzi za m'malayini. Ndipo inu amene mwaumba kale njerwa chaka chino, musanakumbe dzenje itanani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu adzaone malowo, ndipo akakanika kubwera kafunseni akhansala anu chifukwa chake.